Mwana wa otizimu wafika zaka 13, ofesi iliyonse ikungonditumiza kwina, ndiyambire pati?

Nachisale84

Moni nonse muno. Pepani nkhani yanga italikirapo koma ndatopa nayo kuisunga mumtima. Ndili ndi mnyamata wa zaka 13, wachiwiri kubadwa, anamupeza ndi otizimu (autism, vuto la kakulidwe ka ubongo) ali ndi zaka 7 titazungulira kale kwa asing'anga awiri ndi mapemphero osawerengeka. Amalankhula pang'ono, nthawi zambiri amangobwereza zomwe wamva, uthenga wamalonda wa pa wailesi akhoza kuunena wonse osaphonya olo liwu limodzi koma mukamufunsa kuti wadya? nayenso akuyankhani kuti wadya? Chigayo chikalira amatseka makutu nkumadzimenya mutu. Ndiwo zake ndi mazira ndi soya basi, masamba olo muwabise pansi pa nsima awapeza.

Ali wamng'ono zinkapepukako chifukwa ndimangomunyamula. Pano wandipitirira msinkhu, mawu ayamba kusintha, ndipo wayamba kuthawa pakhomo. Mwezi watha anafika mpaka kumsika nkutenga mandasi m'beseni la mayi wina osalipira, anyamata anamugwira nkumumenya ngati mbava, wandipeza nayo nkhani ndi wa kabaza wina amene amatidziwa.

Ndie vuto langa ndi ili. Kusukulu wakhala sitandade 3 zaka zitatu, ahedi akuti ndibweretse kalata ya kuchipatala ndi pomwe aone chochita. Kuchipatala akuti ife tinalemba kale m'buku, za sukuluzo ndi za a maphunziro. Ndapita kuofesi ya social welfare kuboma akuti ndiyambe ndatenga kalata kwa amfumu, amfumu akundifunsa kuti kalatayo ndilembemo zoti chani. Thiransipoti yokha yopita kuboma yandidyera ndalama ya bizinesi, ndimagulitsa kaunjika. Aliyense amandilandira bwino ndithu, sindikunena munthu, koma palibe amene amayankhulana ndi mnzake, ineyo ndi amene ndasanduka mesenjala. Kodi pali munthu kapena ofesi imene ntchito yake nkusonkhanitsa anthu onsewa pa mwana mmodzi? Amene munadutsamo munayambira pati?

TichaWaRisosi

Mayi pepani kwambiri ndi zomwe zamuchitikira mnyamata. Ine ndine mphunzitsi wa ana ofunika chithandizo chapadera, maphunziro anga ndinachitira ku Montfort ku Nguludi kuja, m'boma la Chiradzulu, gawo la learning difficulties, ndie ndiyankha mbali ya sukulu yokha.

Choyamba musalimbane ndi ahedi okha. Ku ofesi ya maphunziro ya boma lanu kuli munthu woona za special needs, ndipo zoni iliyonse ili ndi a PEA, alangizi a masukulu a pulayimale, amene amapezeka pa TDC, likulu la aphunzitsi a m'zoniyo, awa ali pafupi nanu kuposa kuboma. Apezeni muwafunse funso limodzi ili, kodi muzoni muno sukulu imene ili ndi risosi rumu, chipinda chophunzitsiramo ana ofunika chithandizo chapadera, kapena mphunzitsi wa special needs ndi iti? Nthawi zina imakhala sukulu yoyandikana nayo makolo osadziwa, ndipo madera ena aphunzitsiwa amayendera masukulu angapo pa njinga.

Chachiwiri nkhani ya kalata. Ndikuuzeni zoona, kalata yongolembedwa kuti autism siimuthandiza mphunzitsi wa sitandade 3 amene ali ndi ana 100 ndi kuposa m'kalasi, aiwerenga nkuiika mu kabati. Chomwe chimatithandiza ife nkudziwa kuti mwanayu amatha chani, chimamuopsa nchani, akayamba kudzimenya kunyumba mumatani. Pa zimenezo ndi pomwe timalemba IEP, ka pulani ka mwana mmodzi, zolinga ziwiri zitatu pa teremu. Kwa wa zaka 13 ine sindingathamangire kuti amalize buku la sitandade 3, ndingayambe ndi kudziwa ndalama, kunena kapena kuloza dzina lake ndi kwawo, kudikira, kupita kuchimbudzi yekha. Kubwereza kalasi kachinayi sikumupatsa kanthu, angokhala chimphona pakati pa tiana nkumasekedwa.

Yobe_wa_ku25

Koma abale matenda amenewa kale kunalibe, zabwera ndi makatemera achulukawa. Mayi limbikani kupemphera, komanso ngati akuthawa mungomutsekera m'nyumba mukamapita kumsika kusiyana nkuti adzaphedwe.

Kiliniko_Ofisa

A Yobe, pempherolo palibe akuletsa koma za katemerazo ayi. Nkhani imeneyo inayambira pa kafukufuku wa dokotala wina wa ku Britain, Andrew Wakefield, m'chaka cha 1998, magazini ya The Lancet yomwe inamusindikiza inauchotsa mu 2010 ndipo iye analandidwa chiphaso cha udokotala. Akafukufuku atsatira ana ochuluka zedi m'maiko osiyanasiyana osapeza kuti katemera amayambitsa otizimu. Kale analipo anawa, tinkangowatchula maina ena, wozerezeka, chitsiru, kapena kunamizira bambo ake kuti anamukhwimira kuti golosale iyende. A WHO ananenapo kuti pafupifupi mwana 1 mwa ana 100 ali ndi otizimu, ndie pa sukulu ya ana 1,500 werengani nokha. Ndipo zotsekera mwana yekha m'nyumba mbaula ili momwemo, ndaonapo mabala amoto, sindingalangize.

Kwa inu mayi, mukapitanso kuchipatala musakangonena kuti ndabwera ndi mwana wa otizimu, chifukwa pa OPD mzere uli mpaka panja akuyankhani mwachidule. Funsani tsiku la kiliniki ya mental health, zipatala za maboma zimakhala ndi anamwino kapena makiliniko amene anaphunzira zimenezi. Dzina la mental lisakuopseni, otizimu si misala ndipo palibe chifukwa chomutengera kukagonekedwa ku Zomba, kungoti anthu odziwa za khalidwe ndi mankhwala ake amapezeka kumeneko. Pali zinthu zomwe ndingafune zionedwe. Kodi amakomoka kapena kungoti duu maso ali gwa kwa kanthawi? Khunyu imayenda kwambiri ndi otizimu ndipo ena imawayamba pa msinkhu womwewu akutha msinkhu. Anayezedwapo makutu? Ku Queens ku Blantyre kuli kiliniki ya makutu, ku Lilongwe kuli ya ku ABC. Mano nawo, mwana wosatha kunena kuti dzino likundiwawa amadzimenya mutu, ife nkumati khalidwe lavuta. Kudzimbidwa chimodzimodzi makamaka wokana masamba ngati wanuyu.

Mankhwala ochiza otizimu kulibe, amene akukugulitsani botolo la zimenezo akukuberani. Alipo ngati risperidone amene amachepetsa ukali ndi kudzivulaza zikafika povuta, koma amanenepetsa ndi kugonetsa, ndie ndi oti munthu akuyang'anireni, osati kukagula nokha ku famase chifukwa mnzanu wati anamuthandiza wake.

Ngati kumpoto kuli kofikirika, a St John of God ku Mzuzu ali ndi gawo loona za ana a mavuto a kakulidwe, ndipo ku Lilongwe alikonso. Pomaliza, HSA wa m'dera lanu mumamudziwa? Anthu timawaona ngati a sikelo ndi klorini basi koma ndi munthu yekhayo wa zaumoyo amene amafika pakhomo, ndipo amadziwana ndi amfumu.

Bambo_a_Mtsikana

Achemwali, funso lanu lenileni palibe waliyankha ndie ndiyankhe ine mosapsatira. Munthu amene mukumufunayo, wosonkhanitsa onse pa mwana wanu, ine ndinamufufuza zaka zinayi osamupeza. Ndinadzazindikira mochedwa kuti mpando umenewo uli wopanda munthu ndipo ndikapanda kukhalapo ndekha ukhala choncho. Zowawa koma nkhani yake ndi imeneyo. Wanga ndi mtsikana, pano ali ndi zaka 17.

Chomwe chinasintha zinthu kwathu ndi kope. Kope wamba la hadikava. Tsamba loyamba tinamata chithunzi chake, manambala a foni atatu, zomwe zimamuopsa, zomwe zimamukhazika mtima pansi, mankhwala a khunyu amene amamwa ndi mulingo wake. Ndie kulikonse komwe tapita ndimapempha kuti bwana musanditumize chimanjamanja, lembani muno mizere itatu, mwaona chani, mukupempha kuti ofesi inayo ichite chani, dzina ndi nambala yanu. Ena amanyinyirika koma ambiri amalemba, ndipo munthu akaona kuti mnzake wa ofesi ina walemba kale pamwambapo ndi sitampa, amachita manyazi kungokubwezani. Buku la kuchipatala lija aphunzitsi saliwerenga, zolemba za madokotala mukuzidziwa, pomwe rejisitala ya kusukulu adokotala sadzaiona mpaka kalekale. Kope limayenda ndi mwana.

Kenako ndinachita khama kuti anthuwa akhale pansi limodzi olo kamodzi pa teremu. Osati kuboma, pasukulu pompo pansi pa mtengo ana ataweruka. Ndinaitana mphunzitsi wake, HSA, child protection worker wa kwa T/A kwathu, mayi wapampando wa mother group ndi nduna ya amfumu. Ulendo woyamba anabwera awiri, wina anachita kundifunsa pa foni kuti kodi alawansi ilipo kkkk, ndinati ilipo Sobo ndi mabanzi. Sitichedwa, mphindi 40 basi, timatuluka ndi zinthu zitatu zolembedwa m'kope ndipo chilichonse chili ndi dzina la munthu, osati dzina la ofesi. Mukalemba kuti "a zaumoyo aona" palibe aone. Mulembe kuti a uje abweretsa yankho Lachisanu.

Za kumsika zija zandikhudza chifukwa ifenso zinatichitikira, wathu ankatenga masiwiti. Ine ndinapita kwa tcheyamani wa msika ndi mwanayo, tinazungulira benchi ndi benchi, uyu ndi mwana wanga, sakuba, sadziwa kuti zinthu zimagulidwa, akatenga kanthu musamumenye imbani nambala iyi ndidzalipira. Kwa mayi wina ndinasiya ka ndalama kuti akafika azimupatsa nkumachotsera, pang'ono ndi pang'ono mayi yemweyo ndi amene anamuphunzitsa kupereka ndalama kaye asanatenge, chinthu chomwe ife kunyumba chinatikanika. A kabaza pa siteji ndinawauzanso, amenewa ndi maso a tauni, mwana akasowa amamupeza msanga kuposa wina aliyense. Mayi ake poyamba sanafune, ankati tikudzionetsa ku anthu atiseka. Ndinati akutiseka kale, bola aseke akudziwa nambala yathu.

Ndipo poti wanu akutha msinkhu musachedwe nayo nkhani ya thupi. Kwa ife kusamba kunatipeza tisanakonzeke, mayi ake ndi a mother group anachita kumuphunzitsa ndi zithunzi, sitepe ndi sitepe, miyezi ingapo, chifukwa chilangizo cha anamkungwi chophiphiritsa chija kwa mwana wotere sichimveka, amafuna mawu olunjika. Achibale ena anati tingomubayitsa jakisoni wolera tipume, ndinakana, jakisoni saletsa munthu woipa kumugwira, amangobisa umboni. Kwa mnyamata ndi nkhani ya kuvula pagulu, kudzigwira, kukumbatira atsikana osawadziwa, anthu samuonanso ngati mwana ndie chimene ankachiseka ali ndi zaka 6 pano chikhoza kumufikitsa kupolisi. Amalume ake kapena bambo ake ayambe pano, malamulo ochepa omveka, apa pololedwa apa ayi. Pitaninso ku Victim Support Unit ya polisi yanu mukamudziwitse nkhani isanachitike, ndipo nambala ya 116 ija ya ana ikhale m'foni mwanu, ndi yaulere.

Nachisale84

A Bambo_a_Mtsikana mwandiliza ndili pa benchi ya kaunjika anthu akundidabwa. Bambo ake anachoka ali ndi zaka 8, kwawo ankati ndine ndinabweretsa tsoka, koma achimwene anga alipo ndipo amagwirizana naye. A Kiliniko zongoti duu zija amachita, ine ndimaona ngati ndi maganizo chabe, sindinanenepo kuchipatala.

Kiliniko_Ofisa

Kanenenitu sabata ino. Zikamuchitikira mujambuleni kavidiyo pa foni mukaonetse, zimatithandiza kuposa kufotokoza. Ndipo mpaka ataonedwa asamakhale yekha pafupi ndi moto kapena kumadzi.

AuntieWaKuLeeds

Ine ndili ku UK, ndimagwira ntchito yosamalira achinyamata a otizimu omwewa ndie ndingoponyapo za kuno. Ku England kuli chikalata chotchedwa EHCP, chinabwera ndi lamulo la 2014, chimaphatikiza za sukulu, za chipatala ndi za chisamaliro pa pepala limodzi, chimatha kumutsatira mwana mpaka zaka 25, khonsolo imayenera kuchimaliza pa masabata 20 ndipo chimaunikidwanso chaka chilichonse. Sukulu iliyonse ya boma ili ndi mphunzitsi wosankhidwa kuona za ana otere, amati SENCO. Pa pepala nzokoma zedi. Koma musaganize kuti makolo kuno akugona tulo, ambiri amadikira nthawi yaitali kuti mwana angoyezedwa kokha, ena mpaka kukasuma kuti apatsidwe zomwe lamulo linanena kale, ndipo amene zimawayendera ndi omwe aja oyenda ndi chifayilo chachikulu kukhwapa. Ndie nditawerenga za kope ndaseka ndekha, ndi EHCP ya kwathu imeneyo, kungoti ilibe lamulo kumbuyo kwake.

Chimene kwathu tili nacho kuno kulibe ndi chija cha msika ndi kabaza. Kuno neba sadziwa olo dzina la mwana, akamva phokoso amaimbira khonsolo. Chimodzi chomwe ndingakutumizireni ndi nkhani ya zithunzi, timajambula zochitika za tsiku motsatana, kudzuka, kusamba, phala, sukulu, kunyumba, nkumata pakhoma, chikachitika timachotsa. Ambiri amathawa kapena kukwiya chifukwa sakudziwa kuti kenako kubwera chani. Simufunika printa, katoni ya sopo ndi makala zikwana. Komanso yang'anani kuti akathawa amalowera kuti ndipo nthawi yanji, mwina si kuthawa, mwina akupita kwinakwake kumene akukufuna kapena akuthawa chigayo chija.

Mlangizi_Gama

Ine ndagwirapo ntchito ndi mabungwe a anthu aulumali ndie pang'ono ndisiyane nawo a Bambo_a_Mtsikana. Zomwe achita nzotamandika koma tisazolowere kuti kholo ndi limene lizigwira ntchito ya boma. Iwowa mwina ali ndi ka ndalama ka Sobo ndi mphamvu zoyankhula pamaso pa mabwana, nanga agogo a kumudzi osatha kulemba amene akulera mdzukulu wotere, kope alemba ndani? Lamulo lilipo, tinali ndi Disability Act ya 2012, pano kuli Persons with Disabilities Act ya 2024 imene inasintha MACOHA, bungwe la boma loona za anthu aulumali, kukhala MACODA, ndipo maphunziro ndi ufulu wa mwanayu osati chifundo cha ahedi. Kholo limodzi likamayenda lokha amalimvera chisoni, makolo 15 akalowa limodzi mu ofesi ya DC amapatsidwa mipando. Fufuzani a PODCAM, bungwe la makolo a ana aulumali, muone ngati ali ndi nthambi m'boma lanu, ngati mulibe yambani nokha olo anthu asanu, pa sikelo ndi kutchalitchi muwapeza amene akubisa ana m'nyumba. FEDOMA ndi imene imasonkhanitsa mabungwe onsewa.

Za kalata ya amfumu ija, ingonena kuti mwanayu ndi wa m'mudzi mwawo, amakhala ndi ndani, ndipo pakhomopo zinthu zili bwanji. Koma ndikuchenjezeni musayembekezere kuti mukangopereka ndie mwalowa mu Mtukula Pakhomo, kumene kuja amayang'ana mabanja osaukitsitsa amene alibe munthu wotha kugwira ntchito, inu ndi bizinesi yanu mwina simulowa. Chomwe mungapemphe ku social welfare ndi choti akulumikizeni ndi child protection worker wa dera lanu, ndipo nkhani yomenyedwa ija ilembedwe, imene ija ndi nkhanza kwa mwana. Poganiza za mtsogolo, kuli malo ophunzitsa ntchito zamanja anthu aulumali ku Magomero ndi ku Lilongwe amene anali pansi pa MACOHA, mufunse a MACODA ngati angamuyenere akadzakula, ngakhale ena zimawayendera bwino kuphunzira kwa mmisiri wa pafupi amene amuzolowera.

Bambo_a_Mtsikana

A Gama simunaname, ndipo gulu tinayambitsa, tilipo mabanja 9, makope a agogo awiri ndimalemba ndine. Kungoti mwana sadikira kuti boma likonzeke, wanga anali ndi zaka 11 nditayamba kudandaula, pano ndi uyu 17.

TichaWaRisosi

Ndiwonjezere kamodzi poti mwatchula za msonkhano. Mukamaitana mphunzitsi musamufikire ngati mwabwera kudzamuzenga mlandu, ambiri sanaphunzitsidwepo za otizimu olo tsiku limodzi ndipo amachita mantha. Ndipo pemphani zotheka, mwachitsanzo azibwera m'mawa maola awiri atatu okha m'malo mwa tsiku lonse, akhale kutsogolo cha kukhomo kuti phokoso likamukwana atuluke akakhale pa malo amodzi odziwika, ndi ana awiri achifatse oti aziyenda naye. Zimenezi ahedi akhoza kuvomera lero lomwe popanda kalata ya wina aliyense.

Nachisale84

Ndabweranso patha masabata atatu. Kope ndinagula. Kuchipatala ataona kavidiyo anati zikuoneka ngati khunyu ndithu, amuyambitsa mankhwala tibwererenso pakatha mwezi, ndipo anamupeza ndi dzino lobooka limene ine sindimalidziwa, mayi ine manyazi. Analemba m'kope ngakhale anayamba afunsa kuti ichi ndiye chani. A PEA anandiuza kuti mphunzitsi wa special needs alipo pa sukulu ina makilomita 6 kuchokera kwathu, tsiku ndi tsiku sindingakwanitse koma wavomera kumabwera Lachitatu lililonse lachiwiri. Msonkhano tinachita, anabwera aphunzitsi ake, HSA ndi mayi wa mother group, enawo anati njinga yafa. Pano akupita 7:30 kuweruka 10.

Auntie munalondola, achimwene anamutsatira mwakachetechete tsiku lina, kani amapita pa shopu ya wowotcherera kukaonerera moto wa welding, msika amangodutsamo. Mwini shopu akuti amangoima phee osasokoneza, tamupempha kuti asamamulole kuyang'ana motowo ndi maso, wamupatsa chigalasi chakuda chakale ndipo akukana kuchivula olo pogona. Lachiwiri anathawanso, wa kabaza anabwera naye nkundilipiritsa K1,000 kkkk ndinapereka osatsutsa.

Kumsika sindinapitebe kukazungulira naye, mtima ukukanabe ndikaona anyamata anamumenya aja. Ndie pabuka ina, akuluakulu a kwathu akuti msinkhu wakwana chaka chino apite kudambwe ndi anzake apo ayi azidzatchedwa mwana mpaka kale. Munthu woopa chigayo, ng'oma usiku wonse, komanso mankhwala oti azimwa m'mawa ndi madzulo osadumphitsa. Achimwene akuti akambirana ndi amfumu kuti mwina pali njira yachidule iwo ali pompo. Alipo muno amene anakumana nayo imeneyi?